Kutenthetsa Matabwa Asanaume

Anzathu ocheka matabwa ku Machinga ndi amisiri a ku Balaka amadandaula kawirikawiri kuti thabwa la bulugamu limang'aluka ndi kupindika, pamene la mlombwa limauma bwino popanda vuto. Tiyeni tione chifukwa chake.

Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri. Madzi oyamba kutuluka sasintha msinkhu wa thabwa, koma chinyezi chikatsika kufika pa magawo 30 mwa 100, thabwa liyamba kufota. Tsono pa dzuwa la mu Okutobala kunja kwa thabwa kuuma msanga ndi kufota, m'kati mukali monyowa. Kunja kukokana ndi m'kati, ndipo mng'alu uoneka. Bulugamu ali ndi vuto linanso: timitsempha take ta madzi timaphwafuka pouma, kotero kuti thabwa limachita mabwinkhomabwinkho ngati lata.

Ku Australia, kwao kwa bulugamu, anapeza mankhwala ake kalekale. Matabwa ophwafuka amawatsekera m'chipinda cha nthunzi ya madzi owira, pa madigiri 100, kwa maola angapo, ndipo ambiri amabwerera m'malo mwake. Ena amapereka nthunziyo matabwa akali aawisi. Kutero kumafewetsa mtengo ndi kuchepetsa kukokana kwa m'kati mwake. Kutentha kumaphanso tizilombo toboola matabwa: lamulo la maiko la chaka cha 2002 lifuna kuti matabwa olongedzera katundu atenthe madigiri 56 mpaka pakati penipeni kwa mphindi 30.

Koma musati moto ndi wabwino ponseponse ai. Thabwa lophikidwa limada mtundu, ndipo likapsa nthawi yaitali mphamvu yake ichepa. Pa phaso la nyumba zimenezo sitizifuna.

Kumudzi chipinda cha nthunzi tilibe. Wosema mbale kapena zipande angathe kuziwiritsa mu mgolo, nkuziumitsa pang'onopang'ono pamthunzi. Matabwa aatali musawaotche pamoto monga achitira ena ofulumira ndalama; mudzangoumitsa khungu lokha, ndipo chitseko chidzatseguka mipata chili kale pa nyumba ya mwini wake. Asanjeni pamwamba pa mitanda, pansi pa denga, muike timitengo touma tofanana pakati pa mizere kuti mphepo idutse, ndi miyala yolemera pamwamba. Kumapeto kwa thabwa ndiko kuuma msanga koposa, choncho pakaniko utoto tsiku lomwe mwacheka.

Aphunzitsi, yesani ndi ana: pimani kathabwa pa sikelo mlungu uliwonse. Kulemera kukaleka kutsika, thabwa lauma.