Mfungulo Asunge Wina

Pasukulu pano timaphunzitsa kupopera thonje ndi kusunga chimanga, koma sitinenapo kawirikawiri kuti mankhwala omwewo amachotsa miyoyo ya alimi. Bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu asanu alionse odzipha padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala ophera tizilombo. Maganizo otere nthawi zambiri amakula kwa kanthawi kochepa. Botolo likakhala kutali, kanthawiko kamadutsa munthu ali moyo.

Chilala cha 2024 chinasiya mabanja ambiri kuno ku Chadiza ali ndi nkhokwe zopanda kanthu ndiponso ngongole za feteleza. Mbale wathu akaleka kupita kumunda, nayamba kugawa katundu wake, kapena kunena kuti moyo watopa nawo, tisathamangire kumudzudzula ndi mavesi. Eliya atapempha imfa m'chipululu, mngelo anayamba wampatsa chakudya. Tikhale naye pansi, timufunse mosabisa: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimupatsa maganizowo, limangomumasula pakamwa.

Tisamusiye yekha. Mankhwala titsekere, mfungulo asunge wina. Kenako timuperekeze kuchipatala, kapena tiimbe 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia.