Kusankha Masewero a Nthano Zapatebulo ku Sasare

FUNSO: Aphunzitsi ena a ku Sasare, amene amatsogolera kalabu ya zowerenga pasukulu pawo, alemba kufunsa kuti pakati pa Dungeons & Dragons ndi Pathfinder ayambitse masewero ati kwa ophunzira awo, poganizira kuti ndalama n'zochepa, intaneti imavuta, ndipo ana ambiri amamasuka m'Chinsenga ndi m'Chinyanja kusiyana ndi m'Chingerezi.

YANKHO: Masewero a mtundu umenewu ndi nthano yopangira limodzi, mmene munthu mmodzi, wotchedwa wotsogolera, amafotokoza dziko ndi zoopsa zake, ena onse n'kutenga aliyense mbali ya munthu wa m'nthanomo, ndipo pamene zotsatira za chochita china sizikudziwika, madayisi ndiwo amagamula. Dungeons & Dragons, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, ndiyo kholo la masewerowa, ndipo malamulo ake oyambira a mu 2014 amapezeka mwaulere; komabe buku la osewera la chaka chimenecho lili ndi masamba oposa 300, ndipo pamafunika madayisi a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20. Pathfinder, ya kampani ya Paizo, inatuluka mu 2009 kuchokera ku malamulo a Dungeons & Dragons yomweyo, ndipo ngakhale imapatsa wosewera ufulu waukulu poumba munthu wake, mawerengero ake ndi ochuluka moti wotsogolera watsopano amatha nthawi akutsegula masamba pamene ana akuyasamula.

Chotero aphunzitsiwa akulangizidwa kuti ayambe ndi Fate Accelerated, kabuku kakang'ono ka kampani ya Evil Hat ka mu 2013, kamene munthu amalipira ndalama imene angathe pokatsitsa pa intaneti, ndipo akakasindikiza kamodzi ku Petauke sipafunikanso netiweki. Madayisi ake ndi 4 okha, ndipo a Ludo amakwanira: 1 ndi 2 amawerengedwa ngati kuchotsa chimodzi, 3 ndi 4 ngati palibe kanthu, 5 ndi 6 ngati kuwonjezera chimodzi. Chokoma kwambiri n'chakuti wosewera salemba mndandanda wa maluso, koma amangonena mmene munthu wake akuchitira chinthu, kaya mosamala, mochenjera, modzionetsera, mwamphamvu, mofulumira kapena mozemba. Mwana amene anakulira nthano za Kalulu ndi Fisi amagwira mfundo imeneyi msanga, chifukwa amadziwa kale kuti Kalulu sapambana ndi mphamvu.

Popeza kabukuka sikakakamiza dziko lililonse, wotsogolera angaike nthano m'chigwa cha Luangwa, pakati pa alenje, osula zitsulo ndi ofunafuna golide, m'malo mobwereka nyumba za mafumu a ku Ulaya zimene anawo sanazionepo. Buku la Nyambe, la kampani ya Atlas Games la mu 2002, linayesa kumanga dziko lotere pa miyambo ya mu Africa, koma limatsamira pa malamulo olemera omwe aja.

Chenjezo lofunika likukhudza makolo ndi mipingo, pakuti nthano zimenezi zimatchula matsenga, ndipo ku America m'zaka za m'ma 1980 Dungeons & Dragons inanenezedwa kuti ndi ya usatana. Ndi bwino kuti aphunzitsiwa adziwitse ahedi ndi komiti ya makolo asanayambe, awaitane kudzaonerera tsiku loyamba, ndipo nkhani za ufiti, Nyau ndi chinamwali azisiye kunja kwa sewero.