Pakhonde pa Azakhali: Sitima ya ku Chiromo

Azakhali,

Ndili ndi zaka 23, ndimagulitsa nanazi pa Chitakale. Bwenzi langa lalonjeza kuti Loweruka lino tikakwera sitima pa Luchenza kupita ku Chiromo, tikaone pomwe Ruo amathira mu Shire. Akuti pofika madzulo tidzakhala titabwerako. Chibadwire sindinakwerepo sitima. Ndivale chiyani?

Wachidwi, Mulanje

Mwana wanga Wachidwi,

Uvale nsapato zolimba, chifukwa sitima imeneyo ndi miyendo yako yomweyo. Ndaseka mpaka duku kugwa pansi.

Njanji ilipodi, pamenepo sananame. Inafika ku Blantyre kudzera ku Chiromo mu 1908, ndipo ine azakhali akone ndinaikwerapo sitimayo ndili namwali: Luchenza, Sandama, kenako n'kumatsetsereka m'mphepete mwa Ruo, Mozambique ili patsidya pomwepo, amayi akutikwezera nthochi ndi chinangwa chophika pazenera. Koma mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, malo amene anthu amati pa Mtayamoyo. Dzina lokhalo likuuze kanthu. Sitima inayamba kuthera pa Makhanga, ndipo mu 2015 Ruo yemweyu, mwana wa m'phiri lathuli, anakalipanso n'kukokolola za ku Makhangako. Nanga achimwenewo matikiti agula kwa yani?

Kukongola kwa malowo sindikukana. Kumtunda kwa Chiromo kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, momwe Livingstone anaonamo njovu mazanamazana mu 1859. Lero njovu mulibe. Mwatsala mvuu, ng'ona, mbalame, asodzi m'mabwato awo, ndi udzudzu wonenepa ngati anapiye. Iwe wozolowera kamphepo ka m'minda ya tiyi, kutentha kwa kuchigwako ukasungunuka ngati majarini.

Koma chandigwira mtima ndi mawu akuti "tibwerako madzulo". Mawu amenewa ndi akale kuposa njanjiyo, mwanawe. Dzuwa likapendeka amasanduka "aa, sitima yatisiya, tingogona konkuno". Anzanga angapo amene inawasiya sitima yoteroyo lero ali ndi zidzukulu, ndipo ena mwa amuna aja sanaonekenso ngakhale pa sikelo.

Ngati mnyamatayo akungofuna kukuyendetsa, Likhubula ili pakhomo pompa. Mukwere minibasi m'mawa, mukaviike mapazi pa Dziwe la Nkhalamba, mng'ono wako ali pambali atanyamula nanazi, dzuwa lisanalowe uli kwa amayi ako. Ngati mtima wako uli pa sitima basi, yonyamula anthu amakwerera pa Limbe kulowera ku Balaka. Apite yekha pa siteshoni akafunse tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ndipo ndalama yobwererayo uisunge ndiwe, pamfundo ya chitenje.

Zonsezi zisanachitike, ayambe waonekera kwa amalume ako. Kumeneko sikufuna tikiti, ngakhale kabaza amafika.

Ndine azakhali ako.