KULONDOLA MAPAZI A NYAMA M'NYENGO YA CHILIMWE

Phunziro la mwezi uno kwa anthu a m'midzi ndi aphunzitsi

Anthu akatha kukolola, udzu ukauma ndipo tchire likayamba kupsa, m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe mumamveka nkhani za ulenje. Kale imeneyi inali nyengo ya uzimba. Amuna a midzi ingapo ankasonkhana ndi agalu, maukonde, mauta ndi nthungo, napita kutchire mmamawa. Lero minda yafika mpaka m'tsinde mwa mapiri, ndipo nyama zachepa ndithu. Zimene zatsala zimabisala m'phiri la Michiru, m'timapiri ta miyala, ndi m'zigwa za mitsinje yotsikira ku Shire, monga Lunzu ndi Lirangwe.

Uzimba wotere watha, koma nzeru imodzi ya alenje akale siyenera kutayika. Nzeruyo ndiyo kudziwa mapazi. Munthu wodziwa mapazi amazindikira chimene chalowa m'munda mwake usiku, chimene chagwira mbuzi yake, ndiponso ngati nyama za m'dera lake zikuswana kapena zikutha.

1. Malo amene mapazi amaoneka bwino

Alenje a maiko onse amafuna chinthu chimodzi: pansi pofewa pamene phazi lingadinde. Kumadzulo kwa America, m'mapiri a Rocky, kuli nyama yotchedwa mule deer, yokhala ndi makutu aakulu ngati a nyulu. Boma la kumeneko limatsegula nyengo yoisaka makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mlenje aliyense amayamba wagula chiphaso. Nthawi imeneyo m'mapiri mumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa. Chikagwa usiku chimakwirira mapazi onse akale, kotero kuti mapazi opezeka mmawa ndi a nyama yodutsa posachedwa.

Ku Chileka ndi ku Lirangwe chipale kulibe, koma ziliko zinthu zitatu zogwira ntchito yomweyo. Choyamba ndi phulusa la pa lupsa. Chachiwiri ndi mchenga ndi matope a m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madimba. Chachitatu ndi fumbi la m'tinjira ta m'minda. Palupsa, msipu ukayamba kuphuka, nyama zodya udzu ndi masamba zimabwerapo usiku. Chifukwa chake wophunzira ayambire pamenepo.

2. Phazi la nyama iliyonse

Gwape ali ndi phazi laling'ono la ziboda ziwiri zosongoka, lotalika ngati masentimita 4. Amayenda yekha, ndipo satalikira malo ake. Akhoza kukhala nthawi yaitali osamwa madzi, motero mapazi ake amapezeka ngakhale kutali ndi mtsinje.

Mbawala phazi lake lifanana ndi la gwape, koma ndi lokulirapo pang'ono. Imakonda zitsamba zowirira za m'mbali mwa madzi. Ikadzidzimuka imauwa ngati galu.

Chinkhoma chimakhala m'miyala, ndipo chimaponda ndi nsonga zokha za ziboda. Phazi lake limaoneka ngati timaenje tiwiri toyandikana, monga munthu wadinda zala ziwiri m'dothi.

Nguluwe ili ndi ziboda zobuntha, zozungulira. Pamatope pamaonekanso tiziboda tiwiri takumbuyo. Nguluwe zimayenda zingapo pamodzi usiku, ndipo zimasiya nthaka yofukulidwa m'minda ya chinangwa ndi mbatata.

Mbuzi ndiyo imasokoneza ophunzira ambiri. Ziboda zake ndi zobuntha kunsonga ndi zotanyula, ndipo mapazi ake amapezeka ambiri pamodzi, kawirikawiri ndi a mbusa pambali.

Fisi ali ndi phazi longa la galu wamkulu, ndipo zikhadabo zimaoneka. Phazi lakutsogolo limaposa lakumbuyo kukula, ndipo ndowe zake zikauma zimayera chifukwa cha mafupa amene amadya. Nyama za mtundu wa mphaka, monga vumbwe ndi nyalugwe, zimabisa zikhadabo poyenda, tsono phazi lake silionetsa zikhadabo.

Nyani amasiya chikhatho chonga cha mwana wa munthu. Nungu imazindikirika ndi minga yothothoka imene imagwa m'njira mwake.

3. Phazi la lero ndi phazi la dzana

Kudziwa mwini phazi ndi chiyambi chabe. Wolondola ayenera kudziwanso nthawi imene nyamayo inadutsa. Phazi latsopano lili ndi m'mbali mwakuthwa, ndipo dothi la m'kati mwake limasiyana maonekedwe ndi la pambali. Mphepo ikaomba, m'mbalimo mumagumuka ndipo m'kati mumagwera tizinyalala. Ngati pamwamba pa phazi padutsa kanjira ka nyerere kapena mapazi a mbewa, nyamayo inayamba ndiyo kudutsa. Ngati mame asansidwa pa udzu wa m'njira, nyama yadutsa mbandakucha. Ndowe zonyowa ndi zonyezimira ndi zatsopano. Zouma ndi zong'aluka zagona masiku.

Mapazi amanenanso mmene nyama inali kuyendera. Yodya mwamtendere imapita uku ndi uku, mapazi ake ali pafupipafupi. Yothawa imalumpha patali, ziboda zimatanyuka ndi kulowa pansi, ndipo dothi limaponyedwa kumbuyo.

4. Mayendedwe a wolondola

Nthawi yabwino ndi mmawa dzuwa likangotuluka, kapena madzulo likapendeka, chifukwa pamenepo phazi limakhala ndi mthunzi. Masana dzuwa lili pamutu mapazi saoneka bwino. Wolondola aime moti phazi likhale pakati pa iye ndi dzuwa.

Asaponde pa mapazi, koma ayende pambali pake. Asamangoyang'ana pa zala zake. Aponye maso patsogolo, pakuti mzere wa mapazi umaoneka bwino chapatali. Mapazi akasowa pamwala kapena pa udzu, aike chizindikiro pa phazi lomaliza, nazungulire pang'onopang'ono mpaka awapezenso. Pamenepo ayang'ane timiyala togudubuzika, udzu wopindika ndi masamba odyedwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyama imamva fungo la munthu asanaione. Tsono wolondola atape phulusa kapena fumbi, naliwaze m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikupita. Mphepo izimuomba kumaso, osati kumsana. Ndipo munthu asalondole nguluwe yovulala m'zitsamba, chifukwa imatembenuka ndi kung'amba ndi mano ake.

5. Zimene mapazi amaulula, ndi zimene lamulo likunena

Munthu woyenda m'dambo limodzi chaka ndi chaka amaona ngati mapazi akuchuluka kapena akuchepa. Gwape ndi mbawala zimabala mwana mmodzi pa nthawi, ndipo bere lake limatenga pafupifupi miyezi 6. Mbawala imabisa mwana wake m'zitsamba kwa milungu yambiri, nkumabwera kudzamuyamwitsa. Mayiyo akakodwa m'khwekhwe, zafa ndi nyama ziwiri. Nyama yoswana pang'onopang'ono chotere singapirire makhwekhwe a waya ndi moto wa chaka ndi chaka.

Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapha timitengo tophukira, umatentha udzu wofolera nyumba, ndipo umasiya nthaka pamtunda kuti mvula yoyamba iikokolole. Munthu wotentha phiri lonse chifukwa cha kalulu mmodzi walanda anzake zambiri. Wofuna kuphunzira mapazi asayatse moto dala kuti apeze phulusa. Mchenga wa kumtsinje ukwanira.

Lamulo la malo osungira nyama ndi nyama zakutchire, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukonzedwanso mu 2017, limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chiphaso. Limaletsanso kusaka ndi moto, kuthira poizoni, ndi kupha nyama yaikazi imene ili ndi mwana woyamwa. Kwa nyama zosowa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Phiri la Michiru ndi nkhalango yotetezedwa ndi Boma kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo kusaka m'menemo n'koletsedwa, monganso kuotcha makala kumene kwatha mitengo yambiri m'phirimo.

Nyama ikamaononga mbewu, mwini munda ayambe waona mapazi kuti adziwe mdani wake. Pakuti zachitika kawirikawiri kuti anthu anenera nguluwe pamene olakwa ndi nkhumba kapena mbuzi za m'mudzi momwemo. Akatsimikiza, akauze a mfumu ndi alangizi, kuti nkhani ifike kwa akuluakulu oyang'anira nyama zakutchire.

6. Nzeru imeneyi ili ndi ntchito

Ku Majete, m'boma la Chikwawa, nyama zinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kusaka kopanda malire. Mu 2003 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, ndipo chaka chomwecho zipembere zinabwezedwamo. Njovu zinatsatira mu 2006, mikango mu 2012. Alonda a kumeneko amayenda pansi kulondola zipembere, ndiponso kulondola mapazi a anthu olowa mozemba kukatchera makhwekhwe. Nzeru imene kale inali yophera nyama, lero ikusunga nyama ndi kupatsa anthu ntchito ya malipiro.

7. Kwa aphunzitsi

Mphunzitsi asankhe malo pafupi ndi dimba kapena mtsinje, ndipo ana asalaze mchenga madzulo, kutalika mapazi atatu a munthu wamkulu. Mmawa akaone zimene zadutsapo. Mwana aliyense ayese phazi ndi rula, alijambule m'kope, nalembe tsiku, malo ndi dzina la nyama. Achite chomwecho kamodzi pa mlungu mpaka mvula itagwa, kenaka awerenge nyama imene yaoneka kawirikawiri ndi imene sinaoneke konse. Nkwabwino kuitana nkhalamba ya m'mudzi imene inasakapo kale, kuti idzatchule maina ndi kufotokoza nyama zimene zinalipo pa ubwana wake.

Mafunso

(a) Phazi la gwape limasiyana bwanji ndi la mbuzi?
(b) Tchulani zizindikiro zitatu za phazi latsopano.
(c) Nchifukwa ninji wolondola amawaza phulusa m'mwamba?
(d) Kupha mbawala yaikazi yoyamwitsa kumaononga chiyani?
(e) Ndi nyama ziti zimene agogo anu ankaziona koma lero sizipezeka, ndipo zinatha chifukwa ninji?