Khansa ya Limfoma M'cifuwa: Kusiyana kwa Ana ndi Akulu

Mwana akamatsokomola ndi kulira m'cifuwa popuma, ambiri a ife timanena kuti ndi asima. Wamkulu akamatsokomola, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, timanena kuti ndi TB. Kawiri-kawiri timakhala titanena zoona. Koma iliko nthenda ina imene imabwera ndi zizindikiro zomwezi, ndiyo khansa yochedwa limfoma. Phunziro lathu lero ndi la khansa imeneyi ikamera m'kati mwa cifuwa. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: mwa mwana imakula m'masiku owerengeka, koma mwa wamkulu kambiri imatenga miyezi.

LIMFOMA N'CIANI?

Tonse tidziwa mwanabere amene amatupa m'mphecepece munthu akakhala ndi cilonda kuphazi. Anabere otere ali m'khosi, m'khwapa, m'mimba ndi m'cifuwa momwe. Nchito yao ndi kusefa tizilombo ta matenda, ndipo m'kati mwao mukhala maselo oyera a magazi, amene ndiwo asilikali a thupi. Maselo awa akayamba kuculukana kosalekeza, amapanga cotupa. Imeneyo ndiyo limfoma. Siyambukira, ndipo sibwera cifukwa ca ufiti kapena kulakwa kwa makolo.

Pakati pa mapapo awiri, kumbuyo kwa fupa la pacifuwa, pali mpata wopanikizika. M'menemo muli mtima, mitsempha ikulu-ikulu ya magazi, njira ya mpweya, njira ya cakudya, anabere ambiri, ndiponso kaciwalo kochedwa thymus. Kaciwalo aka kamakhala kakakulu mwa ana, ndipo kamayamba kufota munthu akatha msinkhu. Cotupa ca pamalo awa sicioneka ndi maso, ndipo dzanja silingacikhudze. Cimadziwika pamene cayamba kupanikiza ziwalo zinzake.

MWA ANA

Mtundu umene upezeka kwambiri m'cifuwa mwa ana ndi lymphoblastic lymphoma, ndipo kambiri umayambira mu thymus muja. Umagwira makamaka ana a msinkhu wa sukulu ndi acinyamata, anyamata kuposa atsikana. Umakula mofulumira kwambiri. Mwana amene anali kusewera mpira kumayambiriro kwa mwezi angakhale akulephera kupuma mwezi usanathe. Cina coopsa ndi cakuti njira ya mpweya ya mwana ndi yaing'ono ndiponso yofewa, motero cotupa cimaifinya mosavuta.

Makolo, yang'anani izi:

1. Kutsokomola ndi kubanika kwa mwana amene sanadwalepo asima, ndipo mankhwala a asima sathandiza.
2. Kukana kugona cagada, mwana nafuna kugona cokhala kapena cowerama.
3. Kutupa kwa nkhope ndi khosi, makamaka m'mawa, ndi mitsempha yotukumuka pakhosi ndi pacifuwa. Ici citanthauza kuti mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima wapanikizidwa.
4. Anabere otupa m'khosi kapena pamwamba pa fupa la phewa, osawawa.

Mwana wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo. Musamukakamize kugona cagada, mumunyamule ali cikhalire. Ndiponso musamugulire mapilisi a prednisolone popanda dokotala. Mapilisi awa amacepetsa cotupa kwa masiku ocepa, mwana naoneka ngati wacira, koma amasokoneza kupima, ndipo nthenda imabweranso.

Khansa iyi ndi pacibale ndi khansa ya m'magazi yochedwa leukaemia. Madokotala amapima mafuta a m'mafupa, ndipo akapeza kuti maselo oipa aposa 25 pa 100 alionse, amaicha leukaemia. Mankhwala ake ndi ofanana, ndipo amatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Kumene mankhwala ali okwanira ndipo ana afika msanga, ana oposa 8 mwa 10 alionse amacira.

Tisasokoneze mtundu uwu ndi limfoma ya Burkitt, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Imeneyo ndiyo yofala mwa ana a kuno ku Africa, koma imatupitsa nsagwada kapena mimba. M'cifuwa sipezeka kawiri-kawiri.

MWA ACINYAMATA NDI AKULU

Kuyambira zaka 15 mpaka 35, mtundu wodziwika m'cifuwa ndi limfoma ya Hodgkin, imene dokotala Thomas Hodgkin wa ku London anaifotokoza mu 1832. Iyi imakula pang'ono-pang'ono. Munthu angakhale nayo miyezi ingapo akugwira nchito zake. Kambiri cizindikiro coyamba ndi mwanabere wolimba m'khosi, wosawawa, amene sabwerera. Ena amamva thupi kutentha, amatuluka thukuta lonyowetsa zofunda usiku, amayabwa thupi lonse popanda zidzolo, ndiponso amaonda. Munthu wa makilo 60 akataya makilo oposa 6 m'miyezi 6 popanda cifukwa, afunika kupimidwa.

Ulipo mtundu wina wochedwa primary mediastinal B-cell lymphoma. Uwu umagwira makamaka akulu a zaka za m'ma 30, akazi kuposa amuna. Umakula msanga kuposa wa Hodgkin, ndipo nawonso umatupitsa nkhope, khosi ndi manja. Wamkulu akaona izi asayembekeze malipiro a kumapeto kwa mwezi.

Anthu amene ali ndi kacilombo ka HIV amadwala limfoma kwambiri kuposa anzao, makamaka citetezo ca thupi cikatsika. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumacepetsa ngoziyi, ndipo wodwala limfoma amapitiriza kumwa ma ARV pamodzi ndi mankhwala a khansa. Mwa anthu opitirira zaka 50, cotupa ca m'cifuwa cingakhalenso khansa ya m'mapapo, makamaka mwa osuta fodya.

NANGA TB?

M'makomboni mwathu TB ndi yofala kutali-tali kuposa limfoma, ndipo nayonso imatupitsa anabere a m'cifuwa. Motero sikulakwa kuti a ku kiliniki ayambe ndi kupima makhololo. Vuto limabwera pamene makhololo sanaonetse TB, munthu wayamba mankhwala a TB, koma papita mwezi umodzi kapena iwiri iye akungoonda ndipo zotupa zikukula. Musaleke mankhwalawo pa inu nokha. Bwererani ku kiliniki ndi khadi lanu, mukawauze kuti palibe kusintha, ndi kupempha kuti akupimeninso.

KUPIMA NDI KUCIRITSA

Kupima kumayamba ndi kujambula cifuwa pa X-ray, ndipo pena amajambulanso pa makina a CT scan. Mwa khanda, thymus wamkulu pa cithunzi kambiri si nthenda ai. Cithunzi cokha sicinganene mtundu wa cotupa. Dokotala amadula kacidutswa ka mwanabere, kapena kupopa madzi a m'cifuwa, nkukaziona pa makina okulitsa zinthu. Abale ena amakana, amati mpeni umafalitsa khansa. Ici si coona. Popanda kupima uku, dokotala sangadziwe mankhwala oyenera.

Limfoma siciritsidwa ndi opaleshoni, koma ndi mankhwala amphamvu a m'diripu ndi akumwa. Mwa mwana wa lymphoblastic lymphoma ndi zaka ziwiri monga tanena. Mwa wamkulu kambiri ndi miyezi yosapitirira 6, ndipo ena amaonjezera kuwotcha cotupa ndi ceza ca makina. Mwa ana madokotala amapewa ceza ici momwe angathere, cifukwa cingaononge mtima ndi kakulidwe ka mafupa. Limfoma ya Hodgkin ndi imodzi mwa khansa zocizika kwambiri.

M'dziko lathu odwala amatumizidwa kucokera ku kiliniki kupita ku cipatala cacikulu, ndipo kucoka kumeneko ku Lusaka, kumene kuli University Teaching Hospital ndi Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007. Ulendo ndi wautali ndipo umadya ndalama, motero banja likhale pansi msanga ndi kugawana nchito: wodikira wodwala, wosunga ana otsala, wofuna ndalama za basi. Tsitsi limathothoka ndi mankhwala, koma limameranso. Cotupa cimacepa m'masabata oyamba, ndipo apa ndi pamene mabanja ena amaleka kupita ku cipatala poganiza kuti wodwala wacira. Khansa ikabweranso imavuta kwambiri kuciritsa.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

Mwana wobanika, wokana kugona cagada kapena wotupa nkhope apite ku cipatala lero lomwe. Wamkulu wa mwanabere wosawawa amene wakhala mwezi wathunthu, kapena wa "TB" yosamva mankhwala, abwerere kukapimidwanso. Kutemera mphini pa cotupa kumangotaya masiku. Ndipo amene wayamba mankhwala awatsirize, kufikira dokotala mwini atanena kuti kwatha.