Magetsi Akazima Pakati pa Nyanja

Inu asodzi a usipa a ku Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ntchito yanu masiku ano yatsamira pa batire la mavoti 12. Nyali zokopera usipa zimayakira pomwepo, foni imatchajidwa pomwepo. Ndiye mdima ukagwa mwadzidzidzi pakati pa nyanja, dzanja limathamangira ku mawaya. Lidikire kaye, chifukwa choyamba kusamalidwa ndi boti ndi anthu ali m'menemo.

Boti likaima, mphepo imalitembenuza kuti mafunde azilimenya m'nthiti, ndipo apo ndi pomwe madzi amalowera. M'nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, zimenezi zimachitika mofulumira kwambiri. Choncho aliyense avale jekete loyandamitsa, mmodzi agwire nkhafi alozetse mutu wa boti kumene mafunde akuchokera, wina akape madzi. Pafupi ndi gombe ponyani nangula. Koma nyanja yathu ili ndi malo akuya kupitirira mamita 700, kumene nangula sangafike pansi. Kumeneko mangani ndowa yolimba ku chingwe, muiponye kutsogolo kwa boti kuti izikoka mutu wake. Yatsani tochi ya mabatire akeake kuti maboti ena akuoneni, ndipo imbirani anzanu kumtunda foni isanathe moto.

Wina anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, usipa ubalalika, petulo wapita pachabe. N'zomveka, petulo ngokwera mtengo. Komatu kukonza mothamanga mumdima n'kumene kumabala moto. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umadikha pansi m'boti, ndipo kamoto kakang'ono kothetheka pa waya kapena machesi owunikira n'kokwanira kuuyatsa. Sunthani kaye thanki ya mafuta italikirane ndi batire, ndipo fodya asasutidwe.

Boti likakhazikika, yambani ndi zapafupi. Kawirikawiri vuto limakhala pa mitu ya batire yomwe yakhwepa kapena yachita zoyerayera chifukwa cha chinyontho. Masulani waya wa negetivu poyamba, palani, ndipo pobwezera ukhale womaliza. Sipanala isakhudze mitu yonse iwiri nthawi imodzi. Fyuzi ikapsa, ikani ina yofanana nayo. Chizolowezi chokulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwake chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa fyuzi imapsa poteteza mawaya, ndipo mukailambalala chotsatira kupsa ndi waya weniweniyo pafupi ndi mafuta. Mukamva fungo la pulasitiki wopsa, chotsani batire ndipo musalilumikizenso mpaka mutafika kumtunda.

Injini zambiri zazing'ono, monga Yamaha Enduro zokoka ndi chingwe, zimalira popanda batire. Injini yanu ikakana kulira, musanaiphwasule onani kaye ngati kakiyi ka chingwe chofiira chozimitsira injini kali m'malo mwake.