NJOVU, MINYANGA NDI CHIKUMBU CHA NDOWE

Njovu ndi nyama yaikulu kuposa nyama zonse za pamtunda. Chikumbu cha ndowe ndi kachilombo koti mwana akhoza kukafumbata m'manja. Koma moyo wa chikumbuchi uli pa njovu. Tiyeni tione m'mene zimakhalira.

Mnyanga ndi dzino

Ambiri timayesa kuti mnyanga ndi nyanga ngati ya ng'ombe. Iyayi, mnyanga ndi dzino. Ndi dzino lakutsogolo la m'mwamba, ndipo limakula moyo wonse wa njovu. Tsinde lake lili m'kati mwa mutu. N'chifukwa chake anthu ofuna minyanga amayamba apha njovuyo.

Njovu imagwira ntchito ndi minyanga yake. Imakumbira madzi mu mchenga nthaŵi ya chilimwe. Imasendera makungwa a mitengo. Imadzitetezeranso kwa adani.

Ntchito ya chikumbu

Njovu yaikulu ikhoza kudya makilogalamu oposa 100 a udzu, masamba ndi zipatso pa tsiku. Zambiri mwa zakudyazi zimatuluka ngati ndowe. Zikumbu zikamva fungo, zimauluka kudza pomwepo.

Zikumbuzi zilipo za mitundu yambiri. Zina zimaumba kampira ka ndowe n'kumakakunkhuniza chafutambuyo. Zina zimakumba una pansi pa mulu n'kuloŵetsamo ndowe. Chachikazi chimaikira dzira m'kati mwa ndoweyo. Mphutsi ikatuluka m'dzira, imapeza chakudya chili kale pakamwa.

Ku Tsavo, m'dziko la Kenya, akatswiri a zinyama anaŵerenga zikumbu 16,000 pa kamulu ka ndowe ya njovu kolemera kilogalamu imodzi ndi theka. Patangopita maola aŵiri, ndowe yonse inali itatha.

Kodi ife tipindulanji?

Ndowe ikakwiriridwa imasanduka manyowa. Maenje a zikumbu amathandiza madzi a mvula kuloŵa pansi. Njere za mitengo zimene njovu inameza zimakwiririka n'kumera. Ntchentche nazo zimasoŵa poswana.

Zikumbu zina zimagwira ntchito yomweyi pa ndowe ya ng'ombe zathu kudambo. Alimi a ku Australia anaona vuto losoŵa zikumbu zotere. Ng'ombe zinachita kubwera nazo m'dzikolo, ndipo zikumbu za kumeneko sizinkatha kuchotsa ndowe yake. Ndowe inaphimba msipu, ntchentche zinachuluka. Pakati pa 1965 ndi 1985 akatswiri ao anakatenga zikumbu ku maiko ena, monga South Africa.

Minyanga ikamagulitsidwa

Mitundu ina ya zikumbu zikuluzikulu imadalira kwambiri ndowe ya njovu. Njovu zikatha m'nkhalango, zikumbuzi zimachepa, ndipo nthaka imasoŵa antchito ake.

Ku Gorongosa, m'dziko la Mozambique, njovu pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zinatha pa nthaŵi ya nkhondo ya 1977 mpaka 1992. Zambiri zinaphedwa chifukwa cha minyanga. Nkhondo isanayambe, njovu yaikazi imodzi mwa 5 inali yopanda minyanga chibadwire. Mwa zazikazi zopulumuka, theka zinali zopanda minyanga, poti opha njovu sankazifuna. Akatswiri analengeza zimenezi mu 2021, ndipo anapeza kuti ana aakazi amatengera khalidweli kwa amai ao.

Mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga pakati pa dziko ndi dziko. Kuno ku Malaŵi, njovu zinachepa kwambiri ku Kasungu, kotero mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita kumeneko.

Zoona, njovu zimaononga minda, nthaŵi zina zimapha anthu. Zikafika m'mudzi, musaziyandikire. Uzani a mfumu ndi alonda a nkhalango msanga. Wina akakunyengererani kuti mumsungire minyanga, kanani, chifukwa ndi mlandu wa kundende. Ndipo mukaona chikumbu chikukunkhuniza ndowe panjira, musachiponde. Chili pa ntchito.

Mafunso

1. Kodi mnyanga ndi chiyani?
2. Tchulani ntchito ziŵiri za minyanga kwa njovu.
3. Chikumbu chimaithandiza bwanji nthaka?
4. Kwanuko chikumbuchi mumachitcha dzina lanji? Lembani dzinalo m'kope mwanu.